Mfumu Sinatope, Inkayeza

Mu ufumu wa Msatsutse, kuseri kwa mapiri amene olemba mapu anawaiwala, munali mzinda wotchedwa Tayanga. Dzinali silinali lopeka pamowa. Mzindawo unkayanga ngati dzungu la pachulu: lero wafika pamtsinje, mawa wawoloka, mkuja wameza munda wa munthu. Aliyense ankafuna puloti yake, mpanda wake ndi galu wake, ngakhale nyumbayo ikhale ya chipinda chimodzi chogonamo anthu ndi njinga yomwe. Anthu a kumapeto kwa mzinda ankanyamula kamba popita kuntchito, ndipo ena akabwerako ana awo ankawapatsa moni wa alendo.

Malo obiriwira amene anatsala anali amodzi okha, dambo la Chisungeni. M'menemo ndi mmene Nankhoma ankalima dimba limene anamusiyira amayi ake, amenenso anasiyiridwa ndi amayi awo. Nankhoma anali mayi wamasiye wa zaka zopitirira makumi asanu, wolimba khosi chifukwa cha dengu, ndipo pakamwa pake pankatuluka mawu ochepa koma okhala ndi minga. Mpiru wake, repu, anyezi ndi nkhaka zinkadyedwa kuyambira mumsika waukulu mpaka kukhitchini ya kunyumba yachifumu. Dimbalo ndi limene linalera ana ake, ndi limenenso linkamuuza tsiku lililonse chifukwa chodzukira.

Lolemba lina m'mawa anafika ndi kheni yake yothirira n'kupeza zikhomo zachitsulo, zolekeza m'chiuno, zitazikidwa dambo lonse. Chilichonse chinali ndi kansalu kofiira. Chimodzi chinalasa pakati penipeni pa bedi la mpiru, ndipo pa kathabwa kake panalembedwa kuti Puloti 114. Nankhoma anaima nthawi yaitali kheni ili m'manja. Mtima unamuwawa ngati wamva uthenga wa maliro, koma sanachikhudze chikhomocho, pakuti ku Msatsutse kuzula chikhomo cha boma unali mlandu waukulu kuposa kuzula dzino la mnzako.

Tsiku lomwelo, atatula ndiwo kukhitchini yachifumu, anafunsa kumene munthu angakadandaule. Asanamalize kufunsa, msilikali anamugwira mkono n'kumulowetsa m'bwalo la nduna. Pa benchi ya anthu wamba pankasowa munthu mmodzi. Benchiyo inali kukhomo, ndipo ntchito ya okhalapo inali kuwomba m'manja nduna ikatsokomola kawiri.

Mfumu Ndionereni Wachiwiri inali itangobwera kumene ku ufumu woyandikana nawo wa Tilinazo, ndipo inabwerako ndi nkhope ya munthu amene wadya kwa mnzake n'kupeza kuti kumeneko amaphika bwino. Tinene pano kuti Mfumuyi inali yaifupi, ndipo dzikolo linali ndi lamulo lakale lakuti mutu wa munthu usakhale pamwamba pa mutu wa Mfumu. Mfumu ikamadutsa, ofolera nyumba ankatsika, othyola mango ankadumpha, ndipo nduna zitalizitali zonse zinkadwala msana.

“Ku Tilinazo ali ndi nyumba ya nsanjika makumi atatu,” inatero Mfumu. “Ndakwera ndekha m'chikepe. Anthu pansi amaoneka ngati nyerere. Ife kuno tili ndi chiyani?”

“Tili ndi inu, Mwinidziko,” anayankha a Bwetulani, Nduna ya Zotamanda ndi Nthungululu, n'kutsokomola kawiri. Benchi inawomba m'manja.

“Ine ndilipo kale. Ndikufuna nsanjika makumi anayi, pano paphiri langa. Mzinda wonse ulowemo, usiye kuyendayenda. Dzina lake ikhale Nsanja ya Tawaposa.”

Apo anaimirira mowerama a Gawanitu, Nduna ya Malo ndi Zikhomo. Bamboyu anali ndi azilamu ambiri, ndipo mwamwayi wodabwitsa aliyense wa iwo ankapezeka ndi puloti yapakona.

“Nzeru zakuya, Mwinidziko. Komabe mapanga awiri savumbwitsa ngati onse ndi ako. Nsanja imangidwe, koma zikhomo za m'dambo zikhale momwemo. Nsanja ikalephera kunyamula anthu, dambo liwanyamula.”

Nankhoma ankadziwa kuti mwambiwo sunena choncho, koma ndunayo inatsokomola kawiri, ndipo iye anapezeka akuwombera m'manja imfa ya dimba lake lomwe. Anatuluka manyazi atamugwira, manja akumunyerenyetsa.

Kumsika nkhani inafika iye asanafike. Che Saizi, wosoka nsapato pansi pa mtengo wa mkesha, anali atayamba kale kuwerengera anthu zam'tsogolo.

“Akuti Mfumu ikakhala pamwamba penipeni, chifukwa cha mutu uja. Pansi pake nduna, pansi pa nduna azilamu a nduna, ndiye ife pansi penipeni.”

“Ndiye chasintha n'chiyani?” anafunsa mayi wina wogulitsa makala.

“Chasintha n'chakuti tsopano kukhala pansi kwatipindulira. Ife tizingolowa, iwo azikwera.”

Anthu anaseka, koma Nankhoma sanaseke. Kaya nsanja ikwanire kaya isakwanire, iye ankaona kuti a Gawanitu sanazike zikhomo zija kuti azidzaumikapo zovala.

Kwawo ku Ndakwiya, dera la nyumba zamalata akutha limene linali pakati pa msika ndi dambo, Nankhoma ankakhala moyandikana ndi mwana wake wamkazi. Mkamwini wake Yotamu anali mmisiri womanga nyumba. Awiriwa ankalemekezana mwachikale: sankadyera pamodzi, sankayang'anana m'maso, ndipo akakumana panjira mmodzi ankapatukira patchire. Nkhani zawo zonse zinkadutsa pampanda wa bango, wina mbali iyi wina mbali iyo. Madzulo amenewo, dzuwa lisanalowe, Nankhoma anamva kutsokomola kwaulemu kuseri kwa mpandawo.

“Apongozi, ndamva za zikhomo.”

“Mwamva bwino, bambo a Tadala. Mpiru wanga tsopano uli ndi nambala.”

“Ine kumene ndinkagwira ntchito, kutsidya kwa mapiri, tinkamanga nyumba za nsanjika zinayi. Zinayi basi. Timazimanga mozungulira, pakati n'kusiya bwalo la ana ndi mtengo wamthunzi. Pamene pano pamakhala mabanja asanu ndi mipanda yawo, apo pamakhala mabanja makumi atatu. Pansi pamakhala timagolosale ndi osoka zovala. Paipi ya madzi imodzi imakwanira onse, m'malo moikokera kutchire makilomita khumi.”

“Nanga chikepe?”

“Chikepe cha chiyani? Munthu amakwera ndi miyendo, ndowa ili pamutu. Ngakhale zovuta zitagwa, bokosi limatsika bwinobwino pamapewa a anthu. Ine ndayenda Ndakwiya yense ndikuwerenga mapazi. Titagwetsa malata akuthawa n'kumanga zoterozo, onse amene akufuna kuwaika m'dambo akhoza kukwana muno, msika uli pakhomo.”

“Ndiye bwanji osakanena kwa akuluakulu?”

“Ndinakanena kwa mlembi wa a Gawanitu. Anandifunsa ngati nsanjika zinayi zingaoneke munthu ataima ku Tilinazo. Nditati ayi, anandionetsa khomo.”

Nankhoma anasunga mawuwo monga ankasungira mbewu ya mpiru m'chibotolo, osadziwa kuti adzafesa liti.

Nsanja inamangidwa zaka ziwiri. Inadya simenti yonse ya m'dzikomo, moti ngakhale manda a anthu olemera anayamba kuzira ndi dothi. Nthawi yonseyo Nankhoma ankalima mozungulira chikhomo chake, kuchithirira madzi mosafuna, ndipo m'mawa uliwonse ankayamba wayang'ana kumsewu ngati mathirakitala afika.

Tsiku lotsegulira linafika. Anthu anadzaza phiri lonse, amayi atavala nsalu za nkhope ya Mfumu. A Bwetulani analengeza pachimkuzamawu kuti dzuwa likafika paliwombo, Mwinidziko aimirira pa nsanjika ya makumi anayi n'kukweza dzanja, ndipo a ku Tilinazo akomoka ndi nsanje. Phwando linakonzedwa kuti likadyedwe pamwamba pomwepo, choncho Nankhoma anaikidwa m'gulu la onyamula, dengu la nkhaka ndi matimati lili pamutu.

Mfumu inadula riboni, n'kuponda phazi limodzi m'chikepe. Nthawi yomweyo magetsi anazima. Izi sizinadabwitse munthu, pakuti magetsi a ku Msatsutse ankabwera mongocheza. Anathamangira ku jenereta, koma mafuta ake anali atatha dzulo lake poyeserera mwambowo. Mfumu inayang'ana khamu la anthu, inayang'ana masitepe, n'kukweza chibwano.

“Tikwera.”

Ulendo unayambika. Patsogolo Mfumu ndi mkanjo wake wolemera wa zikopa, kumbuyo nduna zikusamala kuti mitu yawo isapose wa mwini wake, kenako onyamula. Nsanjika yoyamba Mfumu inakwera ikuimba mluzu. Yachiwiri mluzu unatha. Yachitatu inavula chisoti n'kupatsa a Bwetulani. Itafika pa yachinayi inagwira khoma, inapuma ngati mvukuto, kenaka inakhala pansi pa sitepe, thukuta lili kamukamu.

Mfumu ikakhala, mutu wake umatsika. Nduna zonse zinagwada pomwepo, za m'mbuyo zinakhala pansi, ndipo kugwadako kunatsika masitepe onse mpaka pakhomo. Nankhoma anatula dengu n'kugwada masitepe asanu ndi limodzi kunsi kwa Mfumu. Aliyense ankaona chimene chachitika, koma ku Msatsutse Mfumu sitopa, ndipo amene angatchule mawuwo akanakagona kundende. A Bwetulani, amene pakamwa pawo sipanaumepo chibadwire, anangoti kukamwa yasa. Kunja anthu ankadikira dzanja pa nsanjika ya makumi anayi, ndipo kunali kutatsala nsanjika makumi atatu ndi zisanu ndi imodzi.

Woyamba kupeza mawu anali a Gawanitu, ndipo m'maso mwawo munkaoneka chimwemwe chimene anayesetsa kuchiphimba.

“Mwinidziko, chalaka bakha nkhuku singatole.” Mfumu inawayang'ana, ndipo iwo anazindikira mochedwa amene amutcha bakha. “Ndikutanthauza kuti nyumba zokwera si chikhalidwe chathu. Munthu wa kuno ndi wapansi. Ndilamuleni, mathirakitala alowe m'dambo Lolemba, aliyense apeze puloti yake.”

Mfumu inalibe mpweya wokanira. Inayamba kugwedeza mutu pang'onopang'ono, ndipo Nankhoma anaona dimba la amayi ake likupita ndi kugwedeza kumeneko. Mantha anali nawo, koma anakumbukira kuti mbewa yamanyazi inafera kuuna. Anasankha nkhaka yonenepa m'dengu, anaipukuta ndi nsalu, n'kukwawa ndi maondo masitepe atatu, mutu uli pansi.

“Zikomo Mwinidziko, kakummero.”

Msilikali anafuna kumubweza, koma dzanja la Mfumu linali litafika kale. Inaluma nkhakayo, madzi akutsikira m'ndevu, ndipo kwa kanthawi m'nsanja yonse munkangomveka kutafuna.

“Iwe ndiwe yani?”

“Ndine Nankhoma, wa ndiwo. Ndimati ndithokoze, Mwinidziko, chifukwa ife amayi kumbuyoku taona zimene mwachita. Enawa mwina sanaone.”

“Ndachita chiyani?” inafunsa Mfumu mochenjera, ngati munthu woponda pamwala woterera.

“Mwatiyezera nyumba. Mukanafuna mukanafika kumwamba, ndani sadziwa? Koma mwakwera ndi miyendo ngati ife, ndipo mwaima penipeni pamene mayi wosenza ndowa amafuna kutula. Apa nkhalamba ifikapo. Apa mlendo akaima pabwalo n'kunena odi, wam'nyumba amva n'kumuyankha. Mwana akamachita zopusa pansi, mayi ake amukalipira pawindo osatsika. Mwatiuza ndi miyendo yanu kuti nyumba ya munthu izilekeza apa.”

Mfumu inasiya kutafuna. A Bwetulani anatseka pakamwa, maso awo n'kuyamba kuwala.

“Komanso, Mwinidziko,” anapitiriza Nankhoma, poona kuti sanamangidwe, “tasuzumirani pawindopo.”

Mfumu inadzikoka n'kuima, gulu lonse n'kukwera pang'ono. Itangotulutsa mutu pawindo, anthu pansi anaiona. M'manja munawombedwa, nthungululu zinalira, ng'oma zinagunda. Mfumu inkaona nkhope iliyonse, mpaka mano a Che Saizi amene anali kuseka pazifukwa zawozawo.

“Kumwamba uko,” anatero Nankhoma motsitsa mawu, “m'manja simumveka. Kumangomveka mphepo.”

Mawu amenewa analowa mumtima wa Mfumu kuposa malangizo onse amene inalandirapo chikhalire pampando. Inakumbukira kuti ku Tilinazo, pa nsanjika ya makumi atatu paja, inakweza dzanja koma palibe nyerere imene inayankha.

A Gawanitu anaona kuti nyama ikupulumuka. “Mwinidziko, mayiyu ndi wa mpiru, za mizinda sadziwa. Nyumba za nsanjika zinayi zingakwane anthu onsewa? Ndiponso munthu amafuna mpanda wake ndi galu wake.”

“Galu sabala ndiwo, bwana,” anayankha Nankhoma, maso ali pansi. “Za kukwana, apongozi anga ndi amisiri, anayenda Ndakwiya yense ndi mapazi. Akuti malata akuthawo atachoka, onse akwana momwemo, bwalo pakati, msika pakhomo, dambo osalikhudza. Ali pansipo, mukhoza kuwaitana. Kungoti akamalowa ine ndiyambe ndatuluka.”

Mfumu inayang'ana kachidutswa ka nkhaka kamene kanatsala m'dzanja lake.

“Nkhaka iyi yalimidwa kuti?”

“Pa Puloti 114, Mwinidziko.”

Mfumu inatembenukira kwa a Gawanitu n'kuwayang'ana nthawi yaitali, ikutafuna. Ndunayo inayesa kutsokomola kawiri, koma palibe anawomba m'manja.

A Bwetulani sanadikire kuuzidwa. Anatulutsa chimkuzamawu pawindo n'kulengeza kuti Mwinidziko, mwa nzeru zimene anazisunga mwachinsinsi zaka ziwiri, wamanga nsanja ya makumi anayi ngati ndodo yoyezera, ndipo lero wapeza muyeso. “Mfumu sinatope, inkayeza!” anakuwa, n'kukhala munthu woyamba m'mbiri ya dzikolo kutchula mawuwo pafupi ndi dzina la Mfumu osamangidwa. Pansi Che Saizi anauza oyandikana nawo kuti ndodo yoyezera yotereyi n'koyamba kuiona, iwo amayeza phazi la munthu ndi kachingwe.

Mawa lake kunatuluka Lamulo la Muyeso wa Mfumu: nyumba za mumzinda zikhale za nsanjika zinayi, osaposa, ndipo dambo la Chisungeni lisakhudzidwe chifukwa ndi kumene kumachokera nkhaka zachifumu. Mfumu inakhazikika pa nsanjika yachinayi ya nsanja ija, ndipo poti ili paphiri, mutu wake unakhalabe pamwamba pa mitu yonse. Nsanjika zotsalazo, poti munthu sangakhale pamwamba pa Mfumu, zinasiyidwira nkhunda, zimene bwalo la nduna linazipatsa chilolezo chapadera litakambirana masiku atatu.

Ndisakunamizeni kuti zonse zinayenda ngati madzi. Azilamu a a Gawanitu anapezeka ndi timagolosale tapakona, ndipo anthu anakangana chaka chathunthu za amene aziyanika zovala pa chingwe chiti. Koma nyumba zinamangidwa, mdadada ndi mdadada, ndipo anthu a kumapeto kwa mzinda anayamba kubwerera. Ana anazolowera nkhope za abambo awo. Yotamu ndi amene anayang'anira ntchitoyo, ndipo nyumba iliyonse anaiika masitepe awiri, ena kum'mawa ena kumadzulo. Akatswiri a ku Tilinazo atabwera kudzaona, analemba m'mabuku awo kuti imeneyi ndi nzeru yothawira moto ukabuka. Yotamu anangovomera. Sanawauze kuti pamasitepe palibe tchire lopatukirapo munthu akakumana ndi apongozi ake.

Pakhomo la nsanja anaimika chipilala cha Mfumu itakhala pa sitepe, nkhope yoganiza mozama, nkhaka ili m'dzanja. Dzina la Nankhoma silinalembedwepo, ndipo iye sanalifunefune. Chimene chinkamuvuta chinali chikhomo chija, chimene chinali chikhalirebe pakati pa mpiru. Anapita ku ofesi ya Malo kukapempha chilolezo choti achizule. Mlembi anatsegula mabuku, anatseka, n'kumuuza kuti boma silinazikepo chikhomo m'dambo la Chisungeni, ndipo amene akunena kuti anaona zikhomo akufalitsa mphekesera.

Nankhoma anathokoza mwaulemu. Anatsikira kudambo, anakunga nsalu m'chiuno, n'kuzula chinthu chimene kunalibecho. Chinatuluka mosavuta, poti anali atachithirira zaka ziwiri. Pa dzenje lake anagwada n'kufotsera dothi ndi manja, ndipo apo, popanda womuona, misozi inatsika. Kenaka anazula china, ndi chinanso, mpaka anasonkhanitsa mtolo.

Chaka chimenecho matimati a Nankhoma anabereka mochititsa kaso, atamangiriridwa bwino, osagona pansi. Tsiku lina a Gawanitu, amene tsopano anali Nduna ya Nkhunda, anaima pa benchi yake mumsika n'kunyamula limodzi lalikulu ngati chibakera.

“Mayi, matimati otere mumalima bwanji? Kwanga amangowolera pansi.”

“Amafuna chogwira cholimba, bwana,” anatero Nankhoma, akuwaikira m'jumbo n'kuwonjezerapo awiri a basela. “Ine ndinapeza zitsulo zabwino, zokhala ndi kansalu kofiira komangira. Mwini wake akuti sanazionepo.”